Amayi, za pepala musazisiye mpaka kumapeto kwa chaka

Amayi, ndawerenga zimene mwalemba za mwana wanu amene akufunidwa ndi timu ya mipikisano ya njinga. Mawu amene mwini timuyo wamuuza, akuti asiye sukulu ndipo za kontilakiti adzakambirana nyengo ya mipikisano ikatha, ndi omwewo amene ine ndinauzidwa, ndipo nditawawerenga phewa langa lamanzere layambanso kundipweteka.

Ndinabwera ku South Africa kudzakonza njinga m'sitolo ina ya ku KwaZulu-Natal. M'chaka cha 2013, pamene mpikisano wa dziko lonse wa njinga za m'mapiri unachitikira ku Pietermaritzburg, ndinaima m'mbali mwa njira n'kuona Nino Schurter wa ku Switzerland akupambana, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso pa sipanala. Ndinkadzuka m'bandakucha kukapalasa ndisanatsegule sitolo, mpaka mkulu wina wa timu yaing'ono anandipatsa njinga ya carbon, yunifolomu, ndi lonjezo lapakamwa loti malipiro adzayamba ndikapeza mapointi a UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse. Ndinasiya ntchito osasaina chilichonse, chifukwa ndinkaopa kuti ndikatchula za pepala andiona ngati mlendo wosayamika.

Mpikisano wa cross-country umatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka, mukuzungulira kanjira ka makilomita anayi kapena asanu, ndipo wopanda mapointi amayambira kumbuyo kwa anzake onse. Tsikulo kunali kutagwa mvula usiku wonse. Ndinkadziwa lamulo la 80 peresenti, loti ukatsalira kwambiri kwa wotsogola amakuchotsa mu mpikisano, choncho pa ulendo wachiwiri ndinalowa pamalo a miyala mothamanga kuposa mmene nzeru zanga zinkandiuzira. Thayala lakutsogolo linaterereka pa mwala wonyowa, ndinadumphira patsogolo pa chiwongolero, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ndisanamve n'komwe ululu. Ndinadzuka matope ali m'kamwa, ndinayesa kugwira chiwongolero koma dzanja lamanzere linangolendewera. Ndinakankha njingayo ndi dzanja limodzi mpaka pamalo amene amakaniko amaloledwa kukonzerapo, anzanga akundidutsa mmodzimmodzi, ine ndikuganizabe kuti mwina ndikhoza kumaliza. Mkulu uja atafika sanandiyang'ane kumaso. Anagwada n'kuyamba kusisita fulemu ndi chala, ndipo atapeza pamene panang'aluka anandifunsa ngati ndikudziwa mtengo wake. Ndinali nditakhala pansi ndikunjenjemera, magazi akutuluka pa chigongono, ndipo amene anandivula helemeti n'kuitana a ambulansi anali makaniko wa timu ina, munthu amene sankandidziwa ngakhale dzina.

Kuchipatala ndi kumene ndinadziwira kuti medical aid, inshuwalansi yolipirira kuchipatala, imene ankati timu ikulipira kunalibe. Fupa la paphewa anachita kulilumikiza ndi chitsulo, ndipo kuti ngongole ichepe mayi anga kumudzi ku Ntcheu anagulitsa mbuzi zawo, pamene ine ndi amene ndimayenera kuwatumizira ndalama. Ndisanachotsedwe ulusi, mkuluyo anatuma mnyamata kudzatenga nsapato, helemeti ndi yunifolomu, ndipo mauthenga anga a pa WhatsApp ankawawerenga osayankha. Munthu ameneyo ankakonda kundijambula n'kumaonetsa othandiza timu kuti akutukula mnyamata wa ku Malawi, koma nditathyoka ndinakhala wotsika mtengo kuposa fulemu. Mpaka lero sindinamukhululukire, ndipo chimandiwawa kwambiri n'choti akadali kutola ana a anthu.

Dziwaninso kuti ngozi sizichitikira mu mpikisano mokha. Burry Stander, katswiri wa njinga za m'mapiri wa ku South Africa amene anakhala wachisanu pa Olimpiki ya ku London mu 2012, anamwalira pa 3 January 2013 atagundidwa ndi minibasi ku Shelly Beach akuchita masewera okonzekera, ali ndi zaka 25 zokha.

Choncho pitani nokha mukakumane ndi mwini timuyo, ndipo zilembedwe: amene akulipira medical aid ndi nambala yake, amene adzalipire njinga ikawonongeka, amene akulipira maulendo ndi laisensi ya Cycling South Africa, komanso chimene chidzachitike mwana akavulala miyezi itatu. Sukulu asasiye.

Komabe musamutsekere m'nyumba chifukwa cha nkhani yangayi. Pa zaka 17 ali mu gulu la ma junior, ndipo zaka zimenezi ndi za gulu la ochepera zaka 23 sizibwereranso. Alan Hatherly wa ku South Africa anapambana mpikisano wa dziko lonse wa gulu limenelo mu 2018, ndipo mu 2024 anatenga mendulo ya bronze pa Olimpiki ya ku Paris n'kukhalanso katswiri wa dziko lonse. Ine ndinayamba mochedwa, ndipo ndikanadikira timu yachilungamo sindikanaima pa mzere woyambira ngakhale kamodzi. Ngati palibe timu ina imene ingamutengere ku mipikisano ya mapointi chaka chino, muloleni apite ngakhale pepalalo lichedwe, koma medical aid mumulipirire nokha, ndipo khadi lake likhale m'thumba la yunifolomu nthawi iliyonse akakwera njinga.