Ndapemphera koma Mulungu ali zii, nditani?

Sabata ino ndalandira imelo ya achimwene ena a ku Ulongwe, ku Mozambique. Akuti akulu a mpingo akuwalimbikitsa kuti apite ku sukulu ya Hefsiba akaphunzire zaubusa, koma nthawi yomweyo alamu awo awapezera ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize, kunyumba kuli mkazi ndi ana awiri. Apemphera, asala kudya, loto palibe, mawu palibe. Funso lawo: kodi Mulungu wandisiya?

Ayi achimwene, sanakusiyeni. Vuto lomwe ndikuliona ineyo n'loti mwaima chilili kudikira chizindikiro, pamene Mulungu kawirikawiri amawongolera munthu amene ali kale paulendo. Tawerengani Machitidwe 16 kuyambira vesi 6. Paulo ankafuna kukalalikira ku Asiya, Mzimu anamuletsa, anayesa ku Bituniya, analetsedwanso, mpakana anakafika ku Trowa, kumeneko n'komwe anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya uja. Masomphenyawo anabwera atayenda kale mtunda wautali, makomo awiri atamutsekekera.

Nehemiya nayenso ankapemphera miyezi ndithu, koma tsiku lomwe mfumu inamufunsa kuti ukufuna chiyani sanachite chibwibwi, anali atadziwa kale kuti akufuna makalata apanjira ndi matabwa, ndiye kuti popemphera muja mutu umagwiranso ntchito, amawerengera. Inuyo mwawerengera? Mwapita ku Hefsiba kukafunsa kuti fizi ndi ma metical angati, maphunziro ndi a zaka zingati, banja lidzadya chiyani, munda wa mbatatesi adzasamala ndani? Kufunsa zimenezi sikuchepa chikhulupiriro ayi.

Chinanso, mukupemphera nokha nokha. Ku Antiokeya pa Machitidwe 13, Barnaba ndi Saulo anapatulidwa mpingo uli pamodzi kusala ndi kupemphera. Ndiye mawu a akulu a mpingo aja musawapeputse, mwina yankho lina ndi lomwelo. Koma mu imelo yanu yonse simunanene kuti amayi akunyumba akuti bwanji, ndipo ichi chandikhudza kwambiri. Ubusa umalemera banja lonse, a mayi busa ndi omwe amalandira alendo usiku, ndi omwe amapirira mwezi umene chopereka chachepa. Ngati iwo mtima sunakhazikike, dikirani kaye, pempherani limodzi.

Musaganizenso kuti Moatize ndi ya satana, Hefsiba ndiyo ya Mulungu. Kumigodi kuja kuli anyamata ambiri a kwathu kuno, akumwa malipiro onse, mabanja akutha, akusowa mkhristu wokhala nawo pafupi. Apwitikizi atatseka mishoni ya Mphatso ku Angonia mu 1922, amishonale n'kuchoka, amene anasunga mapemphero m'midzi anali anthu wamba, alimi, opanda kolala pakhosi.

Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse, musapite kwa aneneri olipiritsa aja kuti akuonereni tsogolo. Anthu agulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga chifukwa cha botolo la mafuta. Yakobo 1:5 akuti wosowa nzeru apemphe kwa Mulungu amene amapatsa mosatonza, za mtengo palibe pamenepo.

Ndiye sabata ino khalani pansi ndi amayi, kenako mukaonane ndi abusa anu, muwafunse mosabisa kuti mpingo uthandizapo chiyani pa fizi. Alamu anuwo afunseni kuti ntchitoyo ingakudikireni mpaka liti. Mukamva zonsezo mundilemberenso, ine ndikhala ndikukupemphererani.