Pulasita ikuchoka ndi khungu la amayi anga, ndimange ndi chani?

FUNSO: Muli bwanji a zaumoyo? Ndili ndi amayi anga a zaka 81, tinakawatenga ku Katete chaka chatha kuti azikhala nafe kuno ku Matero. Sabata yatha anadzigunda pa kona ya tebulo, pang'ono chabe, koma khungu la pamkono linasendeka ngati la tomato wothiridwa madzi otentha. Ndinatsuka ndi sipiriti, analira koopsa, kenako ndinaikapo thonje n'kumata pulasita ija yolimba. M'mawa mwake pochotsa thonje linakakamira, pulasita nayo inachoka ndi khungu lina, manje mabala ndi awiri. Amamwa aspirin tsiku lililonse. Ndithandizeni, akungobisa mkono mu chitenge akandiona ndi bandeji.
Mwana wawo, Matero

YANKHO: Pepani achemwali, ndipo musadziimbe mlandu, ambiri timachita zomwezo chifukwa ndi mmene anatimangira ife tili ana. Koma khungu la agogo si la mwana. Munthu akamakalamba khungu limapyapyala, mafuta a pansi pake amachepa, ndiye guluu wa pulasita amagwira mwamphamvu kuposa mmene khungulo lagwirira thupi, mukakoka chimene chimagonja ndi khungu basi. Aspirin uja amachititsa kuti magazi achedwe kusiya, koma musawasiyitse nokha, ingopanikizani ndi gozi yoyera mphindi 10 osasuzumirasuzumira, mkono uli m'mwamba.

Sipiriti isiyeni ya mbaula. Imawotcha nyama imene ikufuna kupola. Tsukani ndi saline ya 0.9%, madzi a mchere otsukira mabala a ku famase, kapena madzi owiritsa ozizira mutasungunulamo theka la kasupuni ka mchere m'kapu imodzi. Ndipo kakhungu kosendeka kaja ngati kakadali kolendewera musadule! Kanyowetseni, mukabwezere pamalo pake pang'onopang'ono ndi chala chovala gulovu, osakakoka kuti kafike kumene sikafika. Nthawi zambiri kamagwiranso, ndipo palibe bandeji ya m'shopu yoposa khungu la mwini wake.

Manje pa chomangira, apa mpomwe pagona nkhani. Chokhudza bala chikhale chosamata. Chosavuta kupeza ndi gozi yonyika mu mafuta a parafini wofewa, mukafunse paraffin gauze kapena Jelonet, si parafini wa nyali ayi. Mumayala pabala, pamwamba gozi wamba youma, kenako n'kuzunguliza bandeji ya crepe mosathina, chala chizitha kulowa pansi pake. Pulasita ngati mukuifuna imate pa bandejiyo, isakhudze khungu ngakhale pang'ono. Vuto la gozi ya mafutayi n'lakuti imauma, choncho musinthe tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri, mukachedwa nayonso ikakamira. Zabwino kwambiri ndi za silikoni ngati Mepitel kapena Mepilex, zimagwira mofewa ndipo zimatha kukhala masiku 5 osasintha ngati bala silikutulutsa madzi ambiri, kungoti mtengo wake ndi wokwera ndipo si famase iliyonse ya mu komboni ili nazo, mwina muyese zikuluzikulu za mu tauni.

Kanthu kamene manesi amachita ndipo ine ndimakakonda: jambulani kamuvi ndi bolopeni pamwamba pa bandeji kosonyeza koyambira kuchotsa, kuchokera kumene kakhungu kaja kagwirira kupita kunsonga kwake. Mawa akasintha mdzukulu inu muli ku ntchito sadzakatukulanso. Ikakakamira inyowetseni ndi saline, dikirani, muchotse chogoneka osati choimika, dzanja lina litagwira khungu. Zija zoti "tingozula kamodzi ziwawe kamodzi" kwa agogo ayi ndithu.

Thonje limasiya ubweya m'bala. GV, mankhwala a papo opaka pa zilonda aja, nayenso ndimamukana pano chifukwa akapaka zonse zimakhala papo, simungaone ngati pakufiira. Ufa wa makapisozi, mankhwala otsukira mano, phulusa, zonsezi ayi.

Pitani nawo ku kiliniki kapena ku chipatala cha Matero Level One ngati magazi sakusiya, bala ndi lakuya, patupa n'kutentha, pakutuluka mafinya kapena fungo, kakhungu kaja kada, kapena thupi latentha. Ngati ali ndi shuga musadikire n'komwe zizindikiro, ndipo mukafunsenso za jekeseni wa kafumbata.

Juni ndi Julayi wa Lusaka amaumitsa khungu mpaka kutuwa, ndipo louma ndi limene limang'ambika msanga. Muziwadzoza Vaseline kawiri patsiku m'manja ndi m'miyendo, mosisita osati motikita, sopo achepe, avale za manja aatali, zikhadabo zanu ndi zawo ziwengedwe. Powadzutsa pampando musawakoke padzanja, lowetsani mkono wanu kumsana kwawo. Kona ya tebulo ija mungoikulunga ndi kansalu lero lomwe.