Wapezeka ndi mankhwala oletsedwa: musataye chitini

Bambo, mwalemba kuti mwana wanu wothamanga walandira kalata yoti mkodzo wake wapezeka ndi mankhwala oletsedwa, pomwe iye akulumbira kuti ankangomwa ufa wa protein wogula pa intaneti. Mukufunsa ngati kusadziwa kwakeko kungamupulumutse.

Pakokha sikungamupulumutse. Malamulo a WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, amati chilichonse chopezeka m'thupi mwa wosewera, woyankha ndi iye mwini. Omuzenga safunika kusonyeza kuti anachita dala, zotsatira za ku labu n'zokwanira. Kusadziwa kumathandiza pa kutalika kwa chilango basi. Pa mankhwala ngati ma steroid chiletso chimayambira zaka 4, n'kutsika kufika zaka 2 akasonyeza kuti sanachite dala. Akatsimikiza kuti mankhwalawo anali m'ufamo koma sanalembedwe pa lebulo, komanso kuti iye sanachite mphwayi kwenikweni, chilango chingatsike mpaka kudzudzulidwa chabe. Koma mendulo ndi ndalama za mpikisano umene anayezedwawo, zimenezo muiwale.

Choncho mlandu wonse wagona pa chitini cha ufawo. Musachitaye, ndipo musachipereke kwa kochi kapena mnzake aliyense. Jambulani nambala ya batch (gulu la zitini zopangidwa nthawi imodzi) ndi tsiku lothera ntchito, sungani risiti ndi mameseji onse a wogulitsa. Kenako sakani china chosatsegula cha batch yomweyo kuti ziyezedwe zonse ziwiri, chifukwa chotsegula kale oweruza amachikayikira: adziwa bwanji kuti simunathiremo nokha kalata itabwera? Kuyeza kumeneku kumadya ndalama, ndipo kawirikawiri wolipira ndinu. Simona Halep wa tenisi anapezeka ndi mankhwala oletsedwa otchedwa roxadustat pa US Open ya 2022 n'kuletsedwa zaka 4. Mu Marichi 2024 khothi la masewera la CAS ku Lausanne linatsitsa chilangocho kufika miyezi 9, litakhutira kuti mankhwalawo anachokera mu supplement (chakudya chowonjezera ngati ufawu) yoipitsidwa. Chinamuthandiza ndi umboni wa akatswiri, osati kulumbira.

Pakali pano werengani kalatayo bwinobwino. Mkodzo unagawidwa m'mabotolo awiri, A ndi B. Mwana wanu ali ndi ufulu wopempha kuti B atsegulidwe iye kapena womuimira alipo, komanso wopempha zikalata zonse za ku labu, koma masiku ochitira zimenezi ndi ochepa ndipo alembedwa m'kalatamo. Ngati amuimitsa kaye podikira mlandu, asapikisane kapena kuchita nawo maphunziro a timu. Akamvera, miyezi imeneyo idzachotsedwa pa chilango.

Ali ndi ufulu womvedwa ndi gulu la oweruza loima palokha, ali ndi loya. Akapanda kukhutira, wosewera wa pa mlingo wa mayiko amachita apilo ku CAS pasanathe masiku 21, pomwe wa m'dziko amapita ku bwalo la apilo limene malamulo a dziko lake anakhazikitsa.

Ngati akumuzenga mlandu wa chiletso cha zaka 4, adzamuuza kuti akavomera pasanathe masiku 20 amuchotsera chaka chimodzi. Ine sindingamulangize kusaina ufa usanayezedwe, choncho fulumirani nazo za ku labu. Mumufunsenso lero ngati ufawo anaulemba pa fomu ija anadzaza popereka mkodzo, chifukwa oweruza adzayang'ana pamenepo.