Namwino wa pasukulu si wongogawa Panado

Mayi a ku Chinamwali, mwafunsa kuti kusukulu yogonera komweko kumene kuli mwana wanu akufuna makolo muzisonkha ndalama yolembera namwino, ndiye mukudabwa kuti phindu lake n'chiyani poti amatroni alipo kale ndipo Panado amagawa. Ndiyankheko ine, ndagwira unamwino zaka zambiri pachipatala chaching'ono chozunguliridwa ndi masukulu, komanso ndine kholo ngati inu.

Amatroni ndimawalemekeza, amalera ana a eni ake usana ndi usiku. Koma sanaphunzire kusiyanitsa mutu wa njala ndi mutu wa malungo. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Tsiku lina anatibweretsera mtsikana wa Fomu 2 atamukulunga m'chitenje, maso atatembenuka, sakuzindikira ndi dzina lake lomwe. Anali atagona kuhositelo masiku atatu akumwa Panado, thupi likazizira pang'ono n'kumati wayamba kupeza bwino. Anali malungo, atafika kale kumutu. Tinathamangira naye kuchipatala chachikulu cha Zomba, mwa chisomo anachira, koma nkhope ya mayi ake pakhomo la wodi sindiiwala. Pakanakhala namwino akanamubaya chala kuti amuyeze malungo tsiku loyamba lija, mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka, n'kuyamba mankhwala a malungo a LA, kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo akanaonetsetsa kuti wamaliza. Ana akangomva bwino amataya mankhwala otsala pansi pa matiresi, izi ndaziona ndi maso.

Zoyeza malungo pasukulu si zachilendo konkuno. Kwa T/A Chikowi, bungwe la Save the Children pamodzi ndi boma linaphunzitsapo aphunzitsi a m'mapulaimale kuyeza ndi kupereka LA, ali ndi bokosi la mankhwala pasukulu pomwepo. Ngati mphunzitsi wa choko m'manja anakwanitsa zimenezo, kuli bwanji munthu amene ntchito yake ndi yomweyo tsiku lonse?

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi ana a matenda amgonagona, amene sadwala mooneka. Mwana wa mphumu nyengo yozizira ya Juni, mphepo ikamatsika m'phiri la Zomba muja. Mwana wa khunyu amene akagwa m'kalasi anzake amathawa poopa malovu ake, ena n'kumamukanikiza supuni m'kamwa. Khunyu silipatsirana, ndipo m'kamwa simuikidwa kanthu. Mumamugoneka chammbali, kuchotsa madesiki pafupi, ndipo kukomokako kukapitirira mphindi 5 mumathamangira kuchipatala. Namwino amaphunzitsa zimenezi kalasi yonse ndi aphunzitsi omwe, kuti mwanayo asamasalidwe.

Nanga ana amene ali pa ma ARV? Ambiri anabadwa nako kachilombo, sanalakwe kanthu. Mnyamata wina anandiululira kuti mankhwala ake amawabisa m'kachitini ka shuga, atakulunga ndi pepala kuti asamachite phokoso, ndipo amakamwera kuchimbudzi anzake akagona. Tsiku limene anzake achedwa kugona, ndiye kuti sanamwe. Magazi ake titayeza anaonetsa kuti tizilombo tachuluka. Mwana ngati ameneyu akufunika chipinda chotseka, kabati ya loko, ndi munthu mmodzi wodziwa kusunga chinsinsi, woti akamupempha chilolezo chopita kukatenga mankhwala asamufunse pamaso pa gulu kuti ukudwala chiyani. Chimodzimodzi mtsikana amene msambo ukumupweteka mpaka kujomba, kapena amene wina wamuchita zachipongwe, kapena wa Fomu 4 amene mantha a MSCE amulanda tulo ndipo wayamba kulankhula zotaya mtima. Kwa ahedi sangapite. Kwa inu mayi ake, mwina aopa. Namwino wabwino amamva, n'kudziwa koyenera kumutumiza, kaya ndi kwa aphungu, kaya ku Zomba Mental Hospital komwe tili nako pakhomo pomwepa.

Zina ndi zoteteza. Amalowa kukhitchini kuona nyemba ndi ufa, ophika ngati akusamba m'manja, madzi ngati athiridwa kolorini, zimbudzi ngati zili bwino. Kolera ya 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbuka, mpaka masukulu a ku Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulira mu Januwale. Amagwirizana ndi alangizi a zaumoyo pa nthawi ya mankhwala a njoka za m'mimba ndi likodzo, lomwe ana ochokera ku Kachulu ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amabwera nalo, ena n'kumaganiza kuti kukodza magazi ndiko kukula. Katemera wa HPV woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019, makolo ena amamukana chifukwa cha mphekesera, ndiye pamafunika wina woti akhale nawo pansi n'kuwafotokozera bwinobwino.

Tsono ine ndikuti sonkhani, koma musasonkhe mutatsinzina. Ndaonapo munthu atavekedwa yunifolomu yoyera alibe pepala lililonse. Pamsonkhano wa makolo funsani ngati munthuyo ali m'kaundula wa Nurses and Midwives Council of Malawi, aonetse chiphaso chake. Anamwino ophunzira bwino sasowa kuno, ena amatuluka ku St Luke's ku Malosa, ena ku Malawi College of Health Sciences m'tauni momwemu. Funsaninso ngati azigona pasukulupo, chifukwa matenda a ana amakula usiku, ndiponso ngati azikhala ndi buku lolembamo mwana aliyense wodwala n'kukuimbirani foni tsiku lomwelo. Ndipo musachoke pamsonkhanopo asanakuyankheni kuti mwana akakomoka 2 koloko usiku, galimoto yake ndi iti, mafuta alipira ndani, ndipo makiyi amasunga ndani.