Setilaiti ndi radar ya pansi zikatsutsana, wonama ndani?

Achimwene, mwafunsa kuti akatswiri amadziwa bwanji kuti mvula imene setilaiti yayeza ili kumwambako ndi yoona, komanso ngati radar ya pansi ndiye woweruza mlanduwo. Pa woweruzapo ndikana. Nayonso imaphonya.

Titenge setilaiti yoyeza mvula yotchedwa GPM, ya bungwe la NASA la ku America ndi la JAXA la ku Japan, imene anaiulutsa mu February 2014 kuti ipitirize ntchito ya setilaiti inzake ya TRMM ya 1997. Radar yake, chipangizo chotumiza mafunde n'kumvera amene abwerera atagunda madontho a mvula, imasuzumira mtambo kuchokera pamwamba, makilomita oposa 400 kuchoka pansi pano, ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi chake ndi dera lotambalala makilomita pafupifupi 5. Radar ya pansi, monga za NEXRAD ku America kapena ya pachilumba cha Kwajalein m'nyanja ya Pacific, imaona mtambo womwewo chammbali. Mafunde ake akamapita kutali amanka nakwera, poti dziko ndi lobulungira. Pofika makilomita 100 amakhala akuyeza mvula imene ikadali kilomita yathunthu ndi kupitirira m'mwamba, osati imene ikunyowetsa chimanga m'munda.

Choncho sangosanjikiza mapu awiri n'kuona ngati akufanana. Amafufuza kachigawo ka mlengalenga komwe mafunde a radar zonse ziwiri adutsana, pa nthawi yosiyana ndi mphindi zochepa chabe, paja mvula ya mabingu ukangocheuka yasuntha kale. Mmenemo amayerekeza mphamvu ya mafunde obwerera, imene amailemba mu muyeso wotchedwa dBZ. Pamalo pamene madzi oundana akusungunuka mumtambo amapadumpha kapena kupawerengera padera, chifukwa pamanamiza radar kuti pali chimvula.

Setilaiti ili ndi zake zofooka. Mafunde ake a mtundu wotchedwa Ku-band amatha mphamvu akamaboola chimvula champhamvu, moti amachita kuwakonza ndi masamu. Kufupi ndi nthaka sioona bwino, makamaka kumapiri, ndipo mvula yowaza, yonga ya chiperoni, imatha kuiphonya.

Koma chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi: muyeso wa radar ya pasetilaiti susinthasintha, pomwe ya pansi imatha kusokonekera akangosintha chipangizo chimodzi. Ku Australia agwiritsapo ntchito TRMM ndi GPM kugwira radar zawo zapansi zimene zinkawerenga mopitirira kapena mopelewera. Woyesedwa uja n'kusanduka woyesa!

Pomasulira dBZ kukhala mamilimita a mvula pamadalira kukula kwa madontho, ndipo apa radar zonse ziwiri zimabwerera kwa kachitini koyezera mvula, konga kaja timakaona pa ofesi ya zaulimi, kamene munthu amakakhuthula m'mawa n'kulemba m'buku.