Mabushi a subframe ndi geni ya ku Joni

Achimwene, mwafunsa kuti geni yobweretsa masipeya kuchokera ku Joni imayenda bwanji, poti BMW yanu yakale ija, E36, ikugogoda kumbuyo mukamasintha giya ndipo makaniko wati mabushi a subframe atha, malabala aja okhala pakati pa bodi ndi subframe, chitsulo chimene chimagwira matayala akumbuyo. Chithunzi cha galimoto musanditumizire. Ndipatseni nambala ya chassis. Pa mitundu yakale ya BMW 3 Series, E30 ili ndi mabushi awiri a subframe kumbuyo, E36 ndi E46 anayi anayi, ndipo a imodzi salowa pa inzake ngakhale wogulitsa alumbire pali Mulungu. Ine chiyambireni palibe kasitomala wa mu Zomba muno amene anandibwezera bushi kuti yakana kulowa, kafunseni ku Chinamwali.

Timathamangira ku Joni chifukwa ma 3 Series ankapangidwa komweko, ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, kuyambira pa E30 mpaka 2018. Ma scrapyard awo ndi odzaza nazo. Njira mukuidziwa: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kenako msewu wa N1. Kugula si nkhani. Nkhani ili pobwera.

Mu November 2023 ndinatsala pang'ono kugulitsa nyumba yanga ya ku Matawale chifukwa cha subframe. Bwana wina wa E36 anafuna yathunthu, ndi difu yake yomwe, bokosi logawa mphamvu ku matayala akumbuyo. Anzake a magalimoto othamanga atamva, aliyense anaitanitsa seti ya mabushi. Ndalama zanga sizinakwane, ndinatenga katapila, ndikudziwa kuti mwezi sutha katundu wafika. Subframe ndinaipeza pa scrapyard, yadzimbiri koma yowongoka, risiti ya sitampa ili m'manja. Pa chipata china cha m'malire, chimene sinditchula, mnyamata wa yunifomu anatembenuza risitiyo n'kunena kuti ndi yabodza. Anatsegula kompyuta, n'kupeza mtengo wa subframe yatsopano ya ku Germany, n'kuti msonkho uwerengedwe pamenepo. Chitsulo choti dothi lili mbwee, iye akuti chatsopano! Ndinamuonetsa dzimbiri, ndinamuonetsa mabushi ong'ambika ali momwemo, iye maso ali pa foni. Chimene ankadikira ndinachidziwa, koma ine ya fanta sindipereka pa katundu amene mapepala ake ndi olongosoka.

Katundu anamutsekera. Ndikuyendera mabwana ake, uyu akuti bwerani mawa, uyo wapita ku maliro, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Msonkho umene ndinkaukana uja unakwera ndili chiimire, ya malo osungira ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku, wa katapila akuimba foni usiku kwa mkazi wanga. Anyamata a mabushi aja anakana kuwonjezera, akuti tinagwirizana kale. Ndinagulitsa Corolla yanga kuti ndiombole chitsulo cha mwini. Wa yunifomu uja ndimamuonabe, wanenepa, ndipo amandipatsa moni ngati m'bale wake.

Wina asakunamizeni kuti katundu wa ku South Africa salipira duty chifukwa cha SADC. Pepala la SADC lochotsa duty limagwira pa zopangidwa m'chigawo muno. Bushi ya kampani ya Lemförder kapena Meyle, ngakhale muigule pakati pa Johannesburg, mukayang'ana pa bokosi muona dziko lina, ndipo pa chipata amayang'ana pomwepo.

Kunena za galimoto yanuyo, anyamata akukakamizani kuika mabushi olimba a polyurethane, a mtundu wa Powerflex. Pa msewu wosalala ndi abwinodi, kumbuyo kumasiya kuyendayenda pokhota. Koma tsikani nawo ku Ku Chawe kenako mulowe misewu ya m'makwalala yathuyi, dzenje lililonse lifika mpaka mu msana, ndipo girisi akauma amalira ngati chitseko cha nkhokwe. Mphamvu imene labala akanameza imapita pa bodi, ndipo E36 ndi E46 zimadziwika kale ndi kung'ambika pamene subframe imamangidwa. Akatsitsa subframe, inuyo mugwade ndi tochi, mupukute dothi, muone ngati pali mng'alu pozungulira mabauti. Ngati ulipo, awotcherere ndi kuikapo chitsulo cholimbitsa mabushi asanalowe. Ine ndimabweretsa a labala, enawo pokhapokha munthu alipiriretu zonse.

Aja osema mabushi ku matayala akale ndimawalemekeza, minibasi zambiri zikuyenda chifukwa cha iwo, koma pa subframe ya BMW ayi. Bushi yeniyeni ili ndi chitsulo mkati ndi kunja, komanso mbali yake yoloza, ikalowa mopotoka itha msanga. Funsani makaniko wanu ngati ali ndi puresi, makina okankhira mabushi. Akati atulutsa ndi moto, dziwani kuti moto umangodya labala, chitsulo chakunja chimatsala ndipo chimafuna sowo ndi dzanja lodekha. Moto umenewo auyatse subframe ili pansi, kutali ndi thanki. Ekizozi, propshaft, zingwe za handibuleki ndi mapaipi a mabuleki zonse zimamasulidwa, ndiye musayembekezere galimoto tsiku lomwelo, ndipo ikatuluka ipite ku alayimenti, apo ayi matayala akumbuyo adyeka mkati.

Mtengo sindinena lero. Ndimauza munthu tsiku limene ndagula ma Rand, ndipo theka limaperekedwa ndisanakwere basi.