Funsani Dokotala: Asidi ndiye akundidya m'mimba kodi?

A dokotala, ine ndimanyamula anthu pa njinga kuchoka ku Kapata kupita mtauni. Msana umandiwawa ndiye ndimamwa brufen m'mawa uliwonse ndisanadye kanthu. Manje papita miyezi itatu pamwamba pa mchombo pamawotcha makamaka usiku, ndikamwa soda wophikira therere zimaleka pang'ono kenako zimabweranso. Anzanga akuti ndi ma alsa chifukwa chokhalitsa ndi njala ndipo asidi wandichulukira. Ndi mankhwala ati ochotseratu asidi ameneyu? Wanjinga, Chipata.

Achimwene, asidiyo musamuthamangitse, ndi wanu ndipo ali pantchito yake. Tiyambe ndi nkhuku. Tsiku lina alamu akamatumbula nkhuku muyang'ane kathumba kakang'ono kamene kali pamwamba pa nthutumba, mukakang'amba muona timadonthomadontho totukuka ndipo mukafinya pamatuluka timadzi. Amenewo ndi makomo a ma gland, tizigawo ta thupi topanga madzi ogayira chakudya. Chifu chanu chilinso nawo koma anu ndi ang'onoang'ono zedi, saoneka popanda maikulosikopu, makina okuza tinthu tating'ono. Ife kusukulu ya udokotala ankatipatsa kachidutswa ka chifu kopyapyala kuposa pepala, atakapaka mankhwala a pinki ndi a buluu, ndipo umaona khoma lonse lili timaenje tokhatokha ngati munda wobzala ndi ndodo, pansi pa kadzenje kalikonse pali timapaipi tolowa mkati mwa khoma, mamiliyoni ake.

Mkati mwa kapaipi kamodzi mumakhala maselo osiyana ntchito. Chapakati pali akuluakulu ozungulira, ooneka ngati dzira lokazinga, dzina lawo parietal, amenewa ndi amene amapopa asidi wotchedwa hydrochloric, waukali ndithu, pa muyeso wotchedwa pH, pomwe nambala ikatsika ndiye kuti asidi ndi waukali kwambiri, amafika mpaka pa 2 kapena kutsika. Pansi penipeni pali ena opanga pepsinogen, chinthu chogona tulo chimene chimadzuka chikakumana ndi asidi n'kuyamba kudula nyama, nyemba ndi kapenta amene mwadya. Asidi yemweyo amapha tizilombo tambiri tobwera ndi chakudya cha pamsewu, komanso ma parietal aja amapanga chinthu china chothandiza thupi kuyamwa vitamini B12, popanda chimenecho magazi amachepa. Ndiye mukaona, kumuchotseratu asidi ndi kudzipweteka nokha.

Mufunsa kuti nanga bwanji chifu sichidzigaya chokha poti nachonso ndi nyama. Pakhomo pa timaenje tija ndi pamwamba ponse pali maselo opanga zonanda ngati therere, zosakanikirana ndi bicarbonate, inde m'bale wake wa soda mukumwayo, ndipo zimamata khoma lonse ngati mmene amayi amazirira nyumba kuti mvula isagumule. Maselo apamwambawa amathanso msanga, sabata isanathe thupi limakhala laika atsopano.

Apa ndiye pali vuto lanu. Brufen, diclofenac ndi aspirin amaletsa ululu potseka zinthu zotchedwa prostaglandin, koma zomwezo ndi zimene zimauza chifu kuti chipange therere lija. Ndiye inu m'mawa uliwonse mukukanda pulasitala, asidi wabwinobwino n'kufika pa njerwa. Wachiwiri amene ndikumukayikira ndi kachilombo kopindika kotchedwa Helicobacter pylori, kamalowa pansi pa zonanda zija n'kumakhala mmenemo zaka ndi zaka, ambirife tinakatenga tili ana. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndi amene anakatulukira cha mu 1982, anzawo sanakhulupirire mpaka Marshall anachita kumwa tizilomboto dala n'kudwala, kenako mu 2005 anawapatsa mphoto ya Nobel. Za njala zija anzanu akunena, njala imangochititsa kuti chilonda chimene chilipo kale chimveke kuwawa, siiboola chifu. Tsabola naye timamunamizira chimodzimodzi.

Siyani brufen lero lomwe, msanawo mwani panado ndipo mukakwezeko chishalo cha njinga ngati chili pansi kwambiri. Pitani kukiliniki mukanene zonse osabisa za mapilisi ogula pa kantemba. Kachilombo kaja amakayeza m'chimbudzi, kakapezeka amapereka ma antibayotiki awiri pamodzi ndi omeprazole kawirikawiri masiku 14, ndipo mumalize onse ngakhale mutapeza bwino tsiku lachitatu. Omeprazole amatseka timapampu ta ma parietal aja kwa kanthawi kuti chilonda chipole. Soda ndi mkaka zimanyenga, zimaziziritsa mphindi zochepa basi. Fodya ndi kachasu ngati mumagwirako zimachedwetsa kupola. Koma mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi, chizungulire, kapena thupi likungotha, njinga isiyeni pomwepo muthamangire ku Chipata Central Hospital ngakhale pakati pa usiku.

A dokotala, mwana wanga wa giredi 2 watupa masaya onse awiri pansi pa makutu, akutentha thupi ndipo akalawa lalanje akulira. Ndimugulire amoxyl? Mayi wa ku Katete.

Mayi, zikumveka ngati matsagwidi. Patsogolo pa khutu lililonse pali gland yaikulu ya malovu yotchedwa parotid, mkati mwake muli timagulu ta maselo tolendewera pa timapaipi ngati phava la zipatso, ndipo kavairasi kakalowamo timatupa. Chowawasa chimakakamiza gland yodwalayo kufinya malovu, n'chifukwa chake akulira ndi lalanje, musiyeni kaye pamodzi ndi bwemba. Amoxyl sagwira vairasi, ndalamayo sungani. Mupatseni panado wa ana, phala lofewa ndi madzi ambiri, ndipo asapite kusukulu masiku asanu chiyambire kutupa kuti asapatsire anzake. Mukaona mutu wamuwawa kwambiri, khosi lauma, akusanza osaleka, kapena ngati ndi mnyamata watupa kumaliseche, musadikire kuti kuche, chipatala cha St Francis muli nacho pafupi.